Kabotolo Komaliza ka Kwinini

Ana anga, mayi anu amadandaula kuti chipumireni pa ntchito sindikhazikika pansi, ndipo sakunama. Mvula yoyamba ikangogwa ndimakhala pampando, kunyamuka, kupita kumunda kukaona chimanga chimene ndachiona kale m'mawa womwewo, kubwerera, kunyamukanso. Iwo amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito yoyeza magazi ndinalemba bodza pa pepala la wodwala kamodzi kokha, ndipo bodza limenelo ndi limene limandiyendetsa. Za ubwana wanga ku Nkando munazimva kale kwa azakhali anu, mothira mchere. Pano ndilemba za ntchito, kuti nkhaniyi muimve kwa ine mwini, osati kwa munthu wina pa maliro anga.

Chaka choyamba

Nditamaliza maphunziro ananditumiza ku chipatala chaching'ono cha kumidzi kufupi ndi Milonde. Dzina lake sindilitchula, chifukwa cholakwa chimene ndikufuna kunena ndi changa, si cha chipatalacho. Ndinafika pa lole ya nkhuni ndi sutikesi imodzi. Chipinda chimene anandionetsa kuti ndi labu chinali mosungira matsache ndi ndowa. Munali tebulo, zenera limodzi, ndi makina oonera tizirombo aja timati maikulosikopu. Magetsi kunalibe. Makinawo anali ndi kalilole wolandirira kuwala kwa dzuwa, choncho ntchito yanga inkadalira mitambo. Nkhungu ya chiperoni ikatsika kuphiri ndinkatulutsa tebulo pakhonde n'kumalikoka uku ndi uku kusaka kuwala, odwala akundiseka pa benchi.

Ntchito yake inali yotere. Mwana akabwera ndi thupi lotentha ndinkamubaya chala, kudontheza magazi pa kagalasi, kuyanika, kupaka utoto, kenaka kusuzumira. Tizirombo ta malungo timaoneka ngati timphete tabuluu tokhala ndi kadontho kofiira. Tikakhala tochepa ndinkalemba pulasi imodzi, kamtanda ka m'masamu kaja, pa pepala, tikachulukirapo mapulasi awiri, tikadzaza paliponse atatu. Pepalalo linkapita kwa mkulu wa chipatala, a Nyirenda, munthu wa kumpoto, wamtali, wa jasi loyera losita bwino ngakhale kunja kuli matope okhaokha. Anali wothandizira dokotala, koma dera lonse linkawatchula adokotala ndipo iwo sankakana. Tsiku loyamba anandiitana n'kunena kuti, "A Makwinja, inu ndi maso anga. Mukalemba pulasi imodzi, ndikhulupirira imodzi. Mukalemba atatu, atatu. Ine sindidzabwera kudzasuzumira m'makina mwanu, inunso musadzabwere kudzandiphunzitsa mankhwala." Ndinayankha kuti, "Chabwino, bwana," koma mumtima ndinati munthu uyu tidzakangana. Mukundidziwa, pakamwa panga sipachedwa.

Chaka chachitatu

Munthu akayang'ana magazi tsiku ndi tsiku amayamba kuona zimene sanaphunzitsidwe. Chimene chinandisokoneza ine ndi ichi. Kunkabwera mwana wa mapulasi atatu akuyenda yekha, akutafuna mzimbe, n'kumwa mapilitsi n'kubwerera kwawo. Kunkabweranso wina wa pulasi imodzi ali chikomokere, n'kumwalira dzuwa lisanalowe. Ndinkadzifunsa kuti kodi maso anga ndi amene akunama, kapena matendawa ali ndi kwina kumene amabisala? Ndiye ndinayamba kuchedwa pa kagalasi kalikonse, ndipo ndinaona kanthu kena. Mwa ana ena okomokawo, m'kati mwa maselo oyera a magazi munkakhala timadontho takuda ngati mwaye wa m'khitchini. Pa pepala panalibe malo olembapo mwaye. Ndinagula kope langalanga n'kumalemba, ndipo posakhalitsa ndinazindikira kuti ana a mwaye wambiri ndi amene ankatithawa.

Ndinapita nalo kopelo kwa a Nyirenda, ndikudziona ngati ndatola chinthu chachikulu. Anatsegula masamba awiri okha n'kutseka. "Ntchito yanu ndi kuwerenga tizirombo," anatero. "Mwaye ndi utoto wanu wosasefa bwino." Ndinati utoto ndimasefa m'mawa uliwonse. Iwo anati, "Kuno ku Mulanje nthawi ya dzinja mukayeza ine, mukayeza mlonda, mukayeza abusa, tonse mutipeza ndi pulasi imodzi. Mwana wokomoka wa pulasi imodzi ali ndi matenda ena, mwina oumitsa khosi. Musandisokoneze." Ndinatuluka nditakwiya mpaka ndinamenyetsa chitseko. Lero ndikuvomera kuti theka la zimene ananenazo linali loona. Anthu ambiri kwathu kuno amayenda ndi tizirombo tochepa osadwala konse, poti thupi linazolowera kulimbana nato. Koma tsiku limenelo sindinamve theka lililonse. Ndinangomva kuti andinyoza.

Dzinja la othawa nkhondo

Nkhondo itakula ku Mozambique anthu anayamba kuwoloka mtsinje ndi mitolo pamutu. Ambiri anali abale athu ndithu, olankhula Chilomwe chomwe agogo anu ankalankhula, ndipo anangolowa m'midzi mwa achibale. Mzere wa pachipatala unafika kumsewu. Timagalasi tinachepa, moti ndinkatsuka takale madzulo aliwonse kuti ndigwiritsenso ntchito m'mawa. Mapilitsi a kolorokwini, amene kale ankachiritsa malungo, anali atayamba kufooka mphamvu. Chimene chinkadzutsa mwana wokomoka chinali jekeseni wa kwinini, ndipo kwinini ankabwera m'timabotolo towerengeka. A Nyirenda anakhazikitsa lamulo: kwinini ndi wa mwana wa mapulasi atatu basi. Sanali munthu wouma mtima. Ndinawaonapo akupereka chakudya chawo chamasana kwa mayi wodikirira wodwala. Lamulolo analiika kuti mankhwala asathere kwa amene akulira mokweza kapena amene ali ndi m'bale wodziwika. Ndipo lamulo lonselo linkatsamira pa cholembera changa.

Mu Januwale mvula inagwa masiku ambiri osakata, mlatho wa pa msewu wathu unakokoloka, galimoto ya mankhwala inaleka kubwera. Lolemba lina mayi Phiri, namwino wathu, anandinong'oneza kuti m'kabati mwatsala kabotolo kamodzi.

Lachiwiri

M'mawa mwake dzuwa linatuluka. Kunabwera mayi wothyola tiyi wa ku malaini, nyumba za antchito a pa esiteti ina, atavalabe chipulasitiki chotchingira mame m'chiuno, mwana ali kumbuyo. Mwanayo anali mtsikana wa zaka zinayi, dzina lake Esinati. Maso anali otsegula koma osaona kanthu, manja atauma. "Dzulo amasewera uyu, adotolo," anatero mayiyo. "Wadya mango ndi anzake. Madzulo thupi moto. M'mawa uno waphupha kawiri, basi sakundiyankhanso. Esinati! Mwaona? Olo kuphethira."

Ndinatenga magazi, ndinapaka, ndinasuzumira. Ndinasaka nthawi yaitali kuti ndipeze kamphete kamodzi, kenaka kena patali. Pulasi imodzi. Koma mwaye unali paliponse, pafupifupi m'selo loyera lililonse limene ndinaliona, wochuluka kuposa umene ndinauonapo chiyambire. Ndinasefanso utoto, ndinapanga kagalasi kachiwiri. Chimodzimodzi. Ndinakhala ndi cholembera m'manja. Ndikalemba imodzi, mwanayu kwinini salandira. Ndikapita kukafotokoza za mwaye, yankho ndinali nditalimva kale. Kumutumiza ku chipatala cha ku boma, msewu unali woduka. Ndinaimirira, ndinafika pakhomo, ndinabwerera, ndinakhalanso.

Mayi Phiri anasuzumira pazenera. "A Makwinja, pepala lija? Adokotala akudikira, mwana waphuphanso."

Ndinalemba mapulasi atatu. Anayang'ana pepalalo, anandiyang'ana ine.

"Atatu?"

"Atatu."

Anatenga pepalalo n'kupita nalo. Atangochoka ndinaponya timagalasi tiwiri tija m'beseni n'kutitsuka, dzuwa lili pamutu, ntchito imene ndinkaichita madzulo okhaokha.

A Nyirenda anathyola kabotolo komaliza kaja osafunsa funso. Kanali kokwana majekeseni atatu a mwana wa msinkhu umenewo. Poti khosi la mwanayo linali lolimbirapo, anamubayanso penisilini kuti mwina pali matenda awiri. Lachitatu masana ndikudutsa pa wodi ndinamva kulira kwa mwana wokwiya, ndipo mayi uja anatuluka akuthamanga: "Akufuna phala! Adotolo, akufuna phala!" Ndisabise, ndinanyada. Tsiku limenelo ndinayenda ngati chipatala ndi changa. Ndinkayang'ana jasi loyera la a Nyirenda n'kumanena chamumtima kuti, mwaye uja ndi umenewu, bwana.

Lachinayi

Anafika cha m'ma teni, bambo akukankha njinga, mayi atakhala pa keliyala atafungata mwana. Bamboyo anali a Namakhwa, mlimi wa m'mudzi wina kuseri kwa msika wa Milonde. Mwana wawo, Sitefano, anali wa zaka zitatu. Zikhatho zake zinali zoyera mbee, ankapuma mozama ndi mofulumira, ndipo anaphupha ndili m'kati momubaya chala. Pa kagalasi kake sindinafunike kusaka. Timphete tinali tadzaza mbali zonse. Ndinalemba mapulasi atatu, oona, ndipo pepalalo ndinapita nalo ndekha.

A Nyirenda anatsegula kabati ngakhale ankadziwa kuti mulibe kanthu. Anasuntha mabokosi, anapapasa kuseri, anatseka. Anaphwanya mapilitsi a kolorokwini m'supuni, koma mwanayo sankameza. Kenaka anauza a Namakhwa kuti, "Bambo, mankhwala amene mwanayu akufunika atha dzulo. Thamangani ku boma. Pa mlatho anthu akuwoloka pansi, tsidya linalo mukapempha thirakitala ya ku esiteti." Ine ndinasiya mzere wa odwala n'kuwaperekeza mpaka kumtsinje. Ndinanyamula njinga pamutu, madzi akufika m'chifuwa, a Namakhwa atakweza mwana m'mwamba. Tsidya linalo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mulungu akudalitseni." Ndinabwerera zovala zikudontha, mawu amenewo akundiwotcha.

Lachisanu m'mawa a Namakhwa ndi akazi awo anadutsanso pachipatala. Mayi anali atabereka mwana kumbuyo, atamufunditsa nsalu mpaka kumutu, ndipo sankalira kuti anthu a m'njira asadziwe. Sitefano anamwalira asanafike pa msewu wa tala. A Namakhwa anaima pazenera la labu. "Adotolo, ndati ndisadutse osathokoza. Inu munaona bwino, munatiuza zoona. Koma mankhwala kunalibe, nanga mukanatani?" Masana a tsiku lomwelo a Nyirenda anabwera n'kukhala pa kampando kanga, chinthu chimene anali asanachitepo. Anavula magalasi, anapukuta m'maso, n'kunena kuti, "Chimene chikundilimbitsa mtima n'chakuti kabotolo komaliza kanapita kwa mwana woyenera. Lamulo tinalisunga, a Makwinja." Ine, wa pakamwa posachedwa uja, ndinangoti, "Inde, bwana."

Zaka zosamukasamuka

Chaka chisanathe ndinapempha kuti andisamutse. Mayi anu ankadabwa kuti bwanji sitikhalitsa malo amodzi, tikangobzala nthochi ndiye kuti tanyamuka zisanabereke. Ndinagwira ntchito m'zipatala zinayi za m'boma lomwe lino, pansi pa mabwana abwino ndi ena aulesi amene sindikufuna kuwaonongera pepala. Ndinatchuka ndi nkhanza pa timagalasi. Wophunzira akalemba pulasi mongoyerekeza ndinkamubweza katatu, ena ankalira, ndipo ankandipatsa maina amene ndinkawamva koma n'kumakhala ngati sindinamve. Sankadziwa kuti amene ndinkamukalipira si iwo. Magetsi anabwera, mankhwala atsopano anabwera, kenaka tizipangizo toyezera malungo pompopompo timene ngakhale wa zaumoyo wa kumudzi amatha kugwiritsa ntchito. A Nyirenda anapuma pa ntchito, anabwerera kwawo, ndipo ndinamva za imfa yawo patapita miyezi. Anapita akukhulupirira kuti maso awo sanawanamizepo.

Esinati anakula, anakwatiwa ku Nkando, ndipo amagulitsa nthochi pa msika pafupi ndi pamene maminibasi amaima. Mayi ake anamuuza kuti ine ndi amene ndinamuchiritsa, choncho akandiona amanyamuka, kugwada pang'ono, n'kundikakamiza phava la nthochi. Mungaganize kuti zimenezi zinkanditonthoza. Ayi. Chimene chinkandidya ndi penisilini uja. Bwanji ngati a Nyirenda ankanena zoona, kuti mwanayo anali ndi matenda oumitsa khosi, ndipo anachira ndi penisilini? Ndiye kuti kwinini ndinamutaya pachabe, ndipo Sitefano ndinamulanda mankhwala ake chifukwa chofuna kupambana mkangano ndi bwana. Funso limeneli ndinayenda nalo zaka zoposa makumi atatu osauza munthu, ngakhale mayi anu.

Chaka chatha, nthawi yokolola nandolo

Iwe Thokozani, gawo ili ukulidziwa, koma abale ako sakulidziwa. Unabwera ku tchuthi kuchokera ku wodi ya ana kumene umagwira ntchito mu mzinda, ndipo tinakhala pakhonde tikusankha nandolo m'lichero. Ndinayamba mozungulira, ngati ndikungocheza.

"Inu madokotala a masiku ano, mwana wokomoka koma tizirombo tochepa m'magazi, mumati chiyani?"

"Ababa, mwayamba mayeso? Nthawi zina ndi matenda ena ndithu. Koma nthawi zina tizirombo timakhala tambirimbiri, kungoti sitili m'magazi amene mwatenga pa chala. Maselo ofiira amene talowamo amasanduka omata, n'kukakamira m'makoma a timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo ndi m'ziwalo zina. Inu mumawerenga toyenda tokha. Tokakamira simungatione."

"Nanga bwanji mwana wina zimamumata, wina ayi?"

"Zonse sitikuzidziwa. Koma china ndi ichi. Makoma a mitsempha ya magazi amapanga okha kampweya kena, dzina lake naitiriki okisaidi. Ntchito yake ndi kumasula mitsempha kuti itakasuke, komanso kusunga makomawo ali oterera kuti zinthu zisamamatirire. Malungo akakula maselo ofiira amaphulika ambiri, ndipo chofiira cha m'kati mwake chikatayikira m'magazi chimameza kampweya kaja. Zopangira kampweyako nazonso zimachepa m'thupi. Ndiye mitsempha imathina, makoma amakhakhala, zomata zimamatirira kwambiri, magazi sadutsa bwino."

"Asilikali a m'thupi ali kuti nthawi yonseyi? Akugona?"

Unaseka. "Bola akanagona pang'ono. Munthu wamkulu wa kuno asilikali ake anakumana nawo malungo kambirimbiri, amamenya mwa muyezo. A mwana wamng'ono sanazolowere. Akadzidzimuka amaitanizana mopitirira, amathira moto paliponse, mpaka makoma a mitsempha amayamba kuchucha ndipo ubongo umatupa. Mwana amavulala ndi tizirombo, n'kuvulalanso ndi nkhondo ya thupi lake lomwe."

Ndinali nditaimirira kale, lichero lili pansi. Ndinafunsa kuti ngati kampweyako kakudziwika, bwanji osangokapereka kwa ana? Unati anthu anayesapo, koma sizinathandize monga ankayembekezera, ndipo mpaka lero chodalirika ndi kupha tizirombo msanga. Pamenepo ndinafunsa chimene ndinkafuna kufunsa kuyambira pachiyambi.

"Nanga timadontho takuda m'maselo oyera, tonga mwaye?"

"Iii, ababa, munkationa ndi makina a dzuwa aja? Timeneto ndi zotsalira za magazi amene tizirombo tadya. Asilikali amatola n'kumeza. Mukationa tambiri ndiye kuti tizirombo tadya kwambiri, ngakhale pa kagalasi tikuoneka tochepa. Ndi chizindikiro choopsa."

Ndinakhala pa sitepe n'kukuuza zonse, za Lachiwiri ndi za Lachinayi. Sunandidule mawu. Nditamaliza ndinafunsa ngati mwana wopempha mayankho kwa mphunzitsi kuti, "Ndiye sindinalakwe?"

"Esinati sindinamuone, koma mwaye wochuluka chonchowo, ine ndikanamubaya mankhwala a malungo osadikira. Kwinini simunamutaye."

"Nanga Sitefano? Akanachira?"

"Kaya, ababa. Ena amatithawa ngakhale titawabaya msanga. Koma mwayi akanakhala nawo." Kenaka unafunsa osandiyang'ana: "Bambo ake akudziwa?"

Ndinakukwiyira tsiku lonse chifukwa cha funso limenelo. Ndinkayembekezera kuti sayansi yako indimasula, ndipo mbali ina inandimasuladi. Koma inandisiyira munthu mmodzi amene anaima pazenera langa n'kundithokoza chifukwa chonena zoona.

Mwezi wathawu

Ndinazengereza chaka chathunthu. Kawiri ndinakwera minibasi n'kutsikira panjira. Ulendo wachitatu ndinafika ku Milonde, ndinafunsa pa msika, ndipo anandilozera nyumba ya njerwa zosawotcha pafupi ndi munda wa chinangwa. A Namakhwa ndinawapeza akuluka nkhokwe, tsitsi lonse litayera, diso limodzi litachita ng'ala. Mayi a kunyumba anamwalira zaka zapitazo. Nditatchula dzina langa anaponya nsungwi pansi.

"Adotolo a pamtsinje! Amene munanyamula njinga! Aaa, mwakalamba inu. Ana inu, bweretsani mpando."

Ndinawapempha kuti adzukulu achoke kaye. Kenaka ndinanena mosazungulira, chifukwa ndikanazungulira ndikanathawanso. Ndinati mankhwala amene anatha dzulo lake aja, mwa lamulo la chipatala anayenera kudikira mwana ngati Sitefano. Ndinati ine ndinalemba bodza kuti apite kwa mwana wina amene ndinaona kuti afa, ndipo pamene iwo ankandithokoza pazenera ndinkadziwa zonsezi. Sindinapemphe kuti andikhululukire. Ndinaona kuti kupempha kukhala ngati ndabwera kudzatenganso kanthu kena pakhomopo.

Anatola nsungwi ija, anaiyang'ana, anaiikanso pansi.

"Mwana winayo anachira?"

"Anachira."

"Alipo?"

"Alipo. Ali ndi ana atatu. Amagulitsa nthochi ku Nkando."

"Akudziwa zimenezi?"

"Ayi."

"Musamuuze. Alibe mlandu." Analowa m'nyumba, anatuluka atavala jekete ndi chipewa. "Tiyeni. Ndikamuone."

Tinakwera minibasi. Ankayang'ana minda ya tiyi pawindo, manja ali pa mawondo. Titatsika ku Nkando ndinafuna kuwoloka msewu, koma anandigwira mkono. "Kuno komwe kuno. Ndi uti?" Ndinawalozera. Esinati anali atavala chitenje chobiriwira, akukangana ndi kondakitala wina amene anagunda dengu lake, mawu ali pamwamba, dzanja lili m'chiuno, msika wonse ukuseka. Kamwana kake kotsiriza kanali kakugona pa thumba pansi pa benchi. A Namakhwa anamuyang'ana ndi diso lawo limodzilo mpaka mkanganowo unatha, mpaka anakhalanso pansi n'kuyamba kukonza nthochi zake.

"Ndi wolongolola," anatero. "Wanga anali wofatsa. Akanakhala wocheperako chaka chimodzi kwa ameneyu."

Minibasi ya ku Milonde inali ikuitanira anthu. Anakonza chipewa, n'kutembenukira kwa ine.

"Ndamuona. Ndi munthu ndithu, mankhwala sanapite pachabe. Mwachita bwino kundiuza ndisanafe." Anapuma kaye. "Koma inu, adotolo, kwathu musadzabwerenso."

Ndinatambasula dzanja kuti titsanzikane. Analiyang'ana, anagwedeza mutu pang'ono mwaulemu, n'kukwera minibasi manja ali m'matumba a jekete.